Kufunsa silabasi ndi kuphunzitsa ana osiyanasiyana: mafunso ndi mayankho a omwe akuphunzira uphunzitsi

Mafunso awa amabwera chaka ndi chaka kuchokera kwa omwe ali pa maphunziro a uphunzitsi, makamaka akangobwerako ku pulakitisi yoyamba. Pomwe yankho lakhudza zomwe zafotokozedwa pena, talozera funso lake m'malo mobwereza.

Kodi silabasi amalemba ndani?

Amalemba ndi anthu, ndipo nkhani yonse yagona pamenepa. M'mayiko ambiri unduna wa zamaphunziro kapena bungwe lomwe boma linakhazikitsa limasonkhanitsa akatswiri a phunziro lililonse, aphunzitsi ena ndi oyendetsa mayeso, n'kukhala pansi kusankha. M'mayiko ena, monga United States ndi Germany, chigawo chilichonse chimasankha zake. Chaka cha sukulu chili ndi masabata owerengeka, tsiku lili ndi mapiriyodi owerengeka, choncho mutu uliwonse wolowa umatulutsa unzake.

Mu 1859 Herbert Spencer wa ku England anafunsa kuti ndi nzeru ziti zomwe zili zaphindu kuposa zina, ndipo iye anayankha kuti ndi sayansi. Patapita zaka zoposa 100, Michael Apple wa ku America anawonjezera funso lina: nzeruzo ndi za yani? Mafunso awiriwa ndi osiyana, ndipo mphunzitsi wogwira limodzi n'kutaya linalo amasokera. Tibwererako pa funso la kuchotsa za ku Ulaya.

Ine ndikungoyamba kumene. Ndili ndi mphamvu yanji yofunsa zomwe analemba akuluakulu?

Mphamvu yosintha chikalatacho mulibe, ndipo musadzinamize. Koma silabasi yomwe ili papepala ndi ina, yomwe mphunzitsi amaphunzitsa ndi ina, yomwe mwana amapita nayo kunyumba ndi inanso. Pakati pa pepala ndi mwana padzaima inu. Mudzasankha chitsanzo, mudzasankha woyankha, mudzasankha mutu wothamangitsa nthawi ikathina ndi mutu wokhalapo masiku atatu. Zisankho zimenezi mudzazipanga ndithu, kaya mwaziganizira kaya ayi. Safunsa anadya phula.

Nanga ndifunse chiyani kwenikweni?

Musayambe ndi silabasi yonse. Tengani phunziro limodzi lomwe mukukonzera mawa, mulifunse kuti likuyembekezera mwana wotani. Homuweki yonena kuti akafufuze pa intaneti ikuganiza kuti kunyumba kuli foni, magetsi ndi nthawi. Ntchito yoti ajambule banja lake, bambo, mayi ndi ana, ikuganiza kuti makolo onse alipo. Mwana woleredwa ndi agogo amakhala akuyang'ana pepala loyera. Malangizo oti "onani pa bolodi" akuganiza kuti aliyense akuona kuchokera pomwe wakhala.

Kenako funsani kuti nkhaniyo ikufotokozedwa ndi maso a yani. Buku likati David Livingstone anatulukira mathithi a Victoria mu 1855, likunena zoona kwa munthu wa ku Scotland yekha. Anthu a m'mbali mwa Zambezi ankawadziwa kalekale ndipo anali nalo dzina, Mosi-oa-Tunya. Mapu ofala kwambiri m'makalasi amatsata kajambulidwe ka Gerardus Mercator ka mu 1569, komwe kanali kothandiza oyendetsa zombo koma kamakulitsa mayiko akutali ndi equator, mzere wogawa dziko lapansi pakati. Pamapu amenewa Greenland amaoneka ngati akulingana ndi Africa, chonsecho Africa ndi wamkulu pafupifupi maulendo 14. Palibe anganene kuti Mercator ananama. Vuto ndi kupachika mapuwo pakhoma zaka zonse osawauza ana zimenezi.

Funso lachitatu ndi lovutirapo chifukwa mukufunafuna chinthu chomwe palibe. Elliot Eisner, katswiri wa zamaphunziro wa ku America, mu 1979 analemba kuti zomwe sukulu siphunzitsa nazonso zimaphunzitsa. Mwana womaliza sukulu asanakumanepo ndi wasayansi wamkazi, kapena munthu waulumali wogwira ntchito yake bwinobwino m'nkhani yowerenga, waphunzira kanthu ngakhale palibe anamuuza.

Amati pali zomwe ana amaphunzira zosalembedwa paliponse. Ndi ziti?

Philip Jackson anakhala nthawi yaitali akungoonerera m'makalasi a pulayimale ku America, ndipo mu 1968 anafotokoza zomwe anazitcha silabasi yobisika: kudikira nthawi yako, kukhala chete pagulu, kusangalatsa yemwe ali ndi mphamvu. Zina mwa izi n'zofunika. Kalasi yopanda kudikirana siyenda. Zina ndi zoononga. Ngati atsikana ndiwo amasesa ndipo anyamata ndiwo amagwira zipangizo za sayansi, ana aona. Ngati wolankhula bwino chiyankhulo cha sukulu ndiye amatengedwa wanzeru, aonanso. Ngati gulu la "ochedwa" lili ndi malo ake kumbuyo chaka chonse, ana a gululo amadziwa dzina lawo ngakhale mutalipatsa dzina la maluwa.

Iyi ndiyo silabasi yomwe mphunzitsi watsopano angathe kuisintha popanda kupempha chilolezo kwa wina aliyense.

Kodi zimenezi si kulowetsa ndale m'kalasi?

Ngati mukunena ndale za zipani, musazilowetse. Mwana sabwera kusukulu kudzamva yemwe mphunzitsi wake amamuvotera. Koma kunena kuti silabasi ilibe mbali ndi kusadziwa mbiri. Ku South Africa lamulo la Bantu Education la mu 1953 linakonzedwa dala kuti ana akuda aphunzire zochepa, ndipo Hendrik Verwoerd, nduna ya boma la azungu yomwe inatsogolera lamuloli, ananena poyera kuti saona phindu lophunzitsa mwana wakuda masamu omwe sadzawagwiritsa ntchito. Pa 16 June 1976 ana a sukulu a ku Soweto anaguba kukana kuphunzira m'Chiafrikaans, apolisi n'kuwaombera. Ku Canada ana pafupifupi 150,000 a mitundu yoyambirira ya dzikolo anatengedwa kwa makolo awo kupita kusukulu zogonera komweko, komwe ankalangidwa akalankhula chiyankhulo chawo. Zomaliza mwa sukuluzi zinatsekedwa cha m'ma 1990 momwemu. Ku United States zinatengera khoti lalikulu, pa mlandu wa Brown mu 1954, kuti ligamule kuti sukulu zolekanitsa akuda ndi oyera n'zosemphana ndi malamulo a dziko.

M'malo onsewa munali aphunzitsi ofika pa nthawi yake, olemba sikimu mwaukhondo, omaliza silabasi. Ambiri a iwo akadanena kuti salowerera ndale.

Akamati kusiyana kwa ana akutanthauza chiyani? Mtundu ndi khungu?

Zimenezo ndi mbali chabe. M'kalasi momwe ana onse akuoneka ofanana mumakhala woona movutikira, wakumva khutu limodzi, wolankhula chiyankhulo china kunyumba, wa chipembedzo china, wothawa nkhondo, wobwerera kusukulu atabereka, wogwira ntchito asanabwere m'mawa, wamkulu ndi zaka zinayi kuposa anzake, komanso wodziwa kale zonse zomwe mukuphunzitsa yemwe akungoyasamula. Bungwe la UNICEF mu 2021 linati ana pafupifupi 240 miliyoni padziko lonse ali ndi ulumali, kutanthauza mwana mmodzi mwa 10 aliwonse. Ulumali wambiri suoneka ndi maso.

Maphunziro ophatikiza si kungolola mwana waulumali kukhala m'kalasi ndi anzake?

Ayi, ndipo apa ndi pomwe sukulu zambiri zimadzinamiza. Komiti ya United Nations yoona za ufulu wa anthu aulumali inafotokoza mu 2016 mikhalidwe inayi. Pali mwana yemwe sali pasukulu n'komwe. Pali yemwe ali pasukulu koma yapadera, kutali ndi anzake. Pali yemwe walowetsedwa m'kalasi wamba koma kalasiyo sinasinthe kanthu, ndiye zili kwa iye kuti akwanemo. Ndipo pali pomwe sukulu yasintha kaphunzitsidwe, zipangizo, nyumba ndi mayeso kuti mwanayo aphunzire. Wachinayi yekhayu ndiye maphunziro ophatikiza.

Mkhalidwe wachitatu ndi wofala kwambiri ndipo ndi wonyenga, chifukwa m'kaundula dzina la mwana lilimo, mlendo akabwera amamuona atakhala. Funso loyenera si lakuti "alipo?" koma lakuti "lero waphunzira chiyani, ndipo walankhula ndi ndani?" Dziwaninso kuti ngakhale nkhaniyi inayamba ndi ana aulumali, masiku ano imakhudza mwana aliyense yemwe sukulu imamusiya m'mbali, monga omwe tawatchula pa funso lapitali.

Maganizo amenewa anachokera kuti?

Dziko la Italy linayamba kale: lamulo la mu 1977 linathetsa makalasi apadera m'sukulu za boma n'kubweretsa aphunzitsi othandizira m'makalasi wamba. Pa dziko lonse, msonkhano wa ku Jomtien ku Thailand mu 1990 unalengeza za maphunziro kwa onse, kenako mu June 1994 ku Salamanca m'dziko la Spain maboma 92 ndi mabungwe 25 anagwirizana kuti sukulu wamba zizilandira ana onse. Pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali la mu 2006, pa gawo 24, linapangitsa izi kukhala udindo wa mayiko olivomereza, ndipo cholinga chachinayi mwa zolinga za chitukuko chokhazikika zomwe mayiko a United Nations anagwirizana mu 2015 chinabwerezanso. Kusaina kunathamanga kuposa ndalama, maphunziro a aphunzitsi ndi zipangizo, n'chifukwa chake zomwe mukuwerenga ku koleji zikusiyana ndi zomwe mwaona ku pulakitisi.

Ndiye kuti sukulu zapadera ndi zoipa?

Nkhaniyi si yophweka motero, ndipo mukamva wina akuiyankha ndi mawu amodzi mukayike. N'zoona kuti sukulu zapadera zambiri zinakhala malo osungirako ana, zoyembekezera zochepa kwa iwo, zowachotsa pakati pa abale ndi anzawo. Koma mverani zomwe anthu ambiri a vuto la kumva amanena. Mwana wotere akaikidwa yekha m'kalasi momwe palibe wodziwa chinenero cha manja, ali pakati pa anthu koma ali yekhayekha kuposa kale. Kusukulu komwe onse amalankhula ndi manja amapeza chiyankhulo, anzake, ndi akuluakulu ofanana naye.

Mbiri yawo ili ndi chenjezo kwa tonse. Mu 1880 msonkhano wa aphunzitsi a ana oterewa ku Milan, omwe pafupifupi onse anali anthu akumva, unagamula kuti ana aziphunzitsidwa kulankhula ndi pakamwa osati ndi manja. Chinenero cha manja chinathamangitsidwa m'sukulu zambiri kwa zaka pafupifupi 100. Msonkhano womwewo, utakumananso ku Vancouver m'dziko la Canada mu 2010, unadzakana chigamulocho poyera. A ku Milan aja ankakhulupirira kuti akuthandiza ana kuti alowe m'gulu. Chomwe sanachite ndi kufunsa eni ake. Pangano la mu 2006 lija limatchula mwachindunji chinenero cha manja ndi zilembo za Braille, zomwe osaona amawerenga ndi zala.

Kodi ana enawo sachedwa chifukwa cha mnzawo wofuna chithandizo chambiri?

Makolo adzakufunsani funso limeneli, choncho likonzekereni. Mu 2007 ofufuza a ku yunivesite ya Manchester anaunika kafukufuku 26 wa nkhaniyi ndipo anapeza kuti pa zotsatira 100 zilizonse, 81 zinkaonetsa kuti ana enawo sanabwerere m'mbuyo kapena anapindula kumene. Chifukwa chake n'chomveka: kulankhula momveka, kugawa ntchito m'magawo ang'onoang'ono, kuonetsa chinthu m'malo mongochitchula, zonsezi zimathandiza aliyense.

Koma musabise mbali inayo. Kafukufuku wambiri wotere anachitika m'mayiko olemera, m'makalasi a ana ochepa. Pomwe mwana ali ndi khalidwe losokoneza kwambiri ndipo mphunzitsi alibe womuthandiza, kalasi imavutikadi. Yankho lake ndi kupempha chithandizo mokweza, osati kumuchotsa mwanayo kapena kunamizira kuti zonse zili bwino.

Ine ndimatenga ana onse mofanana, sindiona kusiyana. Pali cholakwika?

Mtima wake ndi wabwino, koma kuchitira onse chimodzimodzi kumakomera yemwe phunziro linamuganizira kale. Mukapatsa onse pepala la zilembo zing'onozing'ono mwawachitira mofanana, koma mmodzi sawerenga. Chomwe chiyenera kufanana ndi ulemu ndi komwe mukufuna afike. Njira ikhoza kusiyana.

Pali kachitidwe kena komwe kanachokera kwa omanga nyumba. Ronald Mace, katswiri wojambula mapulani yemwe ankayendera njinga ya olumala, ankalimbikitsa kuti nyumba izimangidwa yolowa aliyense kuyambira pachiyambi, m'malo modzagumula masitepe pambuyo pake. A bungwe la CAST ku America anatengera ganizoli ku maphunziro: pokonza phunziro, konzeranitu njira zingapo zoperekera nkhani, zingapo zoti mwana aonetsere kuti wamva, ndi zingapo zomukopera chidwi. Mukatero ntchito yokonzera mwana mmodzi payekha imachepa, ndipo saonekera kuti ndi "wapadera" uja.

Nanga zoti ena amaphunzira ndi maso, ena ndi makutu, ena ndi manja?

Izi zimaphunzitsidwabe m'makoleji ambiri koma umboni wake ndi wofooka. Mu 2008 Harold Pashler ndi anzake anaunika kafukufuku yemwe analipo ndipo sanapeze umboni wokwanira woti kuphunzitsa mwana motsata "mtundu" wake kumamukweza. Gwiritsani ntchito zithunzi, mawu ndi zogwira chifukwa nkhaniyo ikufuna zimenezo, osati chifukwa mwagawa ana m'makola atatu.

Mwana sadziwa chiyankhulo chophunzitsira. Ndichite bwanji?

Simuli nokha. UNESCO mu 2016 inati anthu pafupifupi 40 mwa 100 aliwonse padziko alibe mwayi wophunzira m'chiyankhulo chomwe amalankhula kapena kumva, chonsecho bungwe lomweli linalangiza kale mu 1953 kuti mwana ayambe sukulu m'chiyankhulo chake. Ku Ile-Ife m'dziko la Nigeria, kuyambira mu 1970, Babs Fafunwa ndi anzake anaphunzitsa ana maphunziro onse a pulayimale m'Chiyoruba kwa zaka 6, Chingerezi chikuphunzitsidwa ngati phunziro palokha. Anawo anachita bwino, ndipo Chingerezi chawo sichinaonongeke monga ambiri ankaopera.

Chiyankhulo chophunzitsira amasankha ndi boma, ndipo makolo ambiri amafuna chiyankhulo cha mayeso ndi cha ntchito. Ali ndi zifukwa zomveka, musawapeputse. Zomwe zili m'manja mwanu ndi izi. Musalange mwana chifukwa cholankhula chiyankhulo chake. Lolani ana akambirane awiriawiri m'chiyankhulo chomwe akumvana asanayankhe m'cha sukulu. Phunzitsani mawu ofunika a mutuwo musanalowe m'mutuwo. Koposa zonse siyanitsani mwana wosadziwa masamu ndi mwana wosamva funso la masamu. Ambiri omwe amalembedwa kuti ndi ofooka ndi a gulu lachiwirili.

Kalasi yanga ili ndi ana ochuluka zedi ndipo zipangizo palibe. Zonsezi si za mayiko olemera?

Zina n'zofunadi ndalama: womasulira chinenero cha manja, makina olembera Braille, zimbudzi zolowa njinga, mphunzitsi wothandizira. Zimenezi simungazipange ndi mtima wabwino, ndipo wina asakuchititseni manyazi kuti mwalephera pomwe lalephera ndi boma.

Komabe pali zambiri zaulere. Mwana woona movutikira, kuphatikizapo ambiri achialubino, akhale pomwe akuona bwino ndiponso popanda kuwala kothobwa m'maso. Mufunseni yekha kuti ndi pati. Lembani zilembo zikuluzikulu ndipo muzitchula zomwe mukulemba. Musalankhule mutayang'ana bolodi, chifukwa wina akuwerenga milomo yanu. Mnzake akayankha motsitsa, bwerezani yankholo. Perekani malangizo amodzi pa nthawi.

Vuto lalikulu la makalasi aakulu ndi lakuti silabasi imathamanga ndi ana ochepa akutsogolo, ena onse n'kutsala. Bungwe la Pratham ku India linayesa njira yosavuta: kuyesa mwana aliyense mwachidule, kuwagawa kwa nthawi ina ya tsiku malinga ndi pomwe afika pa kuwerenga ndi kuwerengera osati malinga ndi kalasi yawo, ndi kuwasuntha akangokwera. Njirayi yayesedwa kambirimbiri ndipo yafalikira ku mayiko angapo a mu Africa, kuphatikizapo Zambia. Chinsinsi chake ndi kusunthako. Magulu osasuntha amasanduka zija tanena pa funso la silabasi yobisika.

Buku lomwe ndapatsidwa lili ndi zokondera. Ndilisiye?

Nthawi zambiri ndi lokhalo lomwe lilipo, ndiye ligwiritseni ntchito, koma muliwerenge pamodzi ndi ana ndi maso otsegula. Auzeni awerenge kuti m'mutu umenewu amuna akugwira ntchito zanji, akazi zanji. Afunseni kuti nkhani ya nkhondo iyi akadalemba ogonjawo ikadayamba pati. Ana a zaka 10 amatha zimenezi, ndipo amazikonda. Paulo Freire wa ku Brazil ankadandaula ndi maphunziro otenga mwana ngati banki moikamo zinthu zodzatapa pa mayeso. Mwana yemwe waphunzira kufunsa buku watuluka m'banki muja, ndipo zomwe zili m'bukumo amazikumbukira bwino chifukwa walimbana nazo.

Ndiye tichotse za ku Ulaya n'kuika zathu?

Funsoli linakula kwambiri kuyambira mu 2015, pomwe ophunzira a ku yunivesite ya Cape Town anachititsa kuti chiboliboli cha Cecil Rhodes, mtsamunda wa ku Britain, chichotsedwe, n'kupitiriza kufunsa za mabuku omwe ankawerenga. Dandaulo lawo linali loona. Koma yankho la kuchotsa lili ndi msampha wake.

Choyamba, zambiri zomwe timaziyesa za ku Ulaya si za kumeneko kokha. Malamulo owerengera ndi ziro analemba Brahmagupta wa ku India mu 628. Aljebura anaiyala bwino al-Khwarizmi ku Baghdad m'zaka za m'ma 800. Ku Timbuktu kuli zolemba pamanja zikwizikwi za malamulo, zakuthambo ndi zamankhwala. Kunena zimenezi m'kalasi ndi kukonza mbiri yomwe inapotozedwa, si kukometsera.

Chachiwiri, pali nzeru zomwe mwana sangazipeze pakhomo, ndipo ndi chifukwa chake sukulu ilipo. Michael Young wa ku London, yemwe ali wachinyamata anali m'gulu la otsutsa silabasi mwamphamvu, pambuyo pake anachenjeza kuti mwana wosauka akamangophunzitsidwa zomwe akuzidziwa kale, wamanidwa. Mwana wa olemera adzaphunzira kemisitiri ndithu. Kumbukirani Verwoerd uja: nayenso ankati akupatsa ana zoyenera moyo wawo. Rudine Sims Bishop, katswiri wa mabuku a ana wa ku America, mu 1990 ananena kuti mwana amafunika mabuku okhala ngati galasi lodzionera ndi enanso okhala ngati zenera loonera kunja. Ena ali ndi magalasi okhaokha, ena mazenera okhaokha, ndipo onsewo aperewedwa. Maganizo athu ndi akuti yambirani pomwe mwana ali, koma musamusiye pomwepo.

Mayeso ndi amodzi kwa onse. Kupatsa wina nthawi yowonjezera si kukondera?

Dzifunseni kuti mayesowo akuyesa chiyani. Ngati ndi a sayansi, liwiro la dzanja la mwana wolemba movutikira si lomwe mukuyesa. Nthawi yowonjezera, zilembo zikuluzikulu, Braille, womuwerengera kapena womulembera zimachotsa chopinga osachepetsa funso. Kukondera kukadakhala kumupatsa mafunso ophweka n'kumulembera malikisi ofanana ndi anzake. Pa mayeso a boma chithandizo chotere chimafuna kupempheratu, choncho dziwani ndondomeko yake chaka chikamayamba. Ndipo mwana azolowere chithandizocho m'kalasi. Kukumana nacho koyamba tsiku la mayeso sikumuthandiza.

Ndingadziwe bwanji kuti inenso sindikondera?

Podzifunsa mumtima simungadziwe. Mu 1968 Robert Rosenthal ndi Lenore Jacobson anafalitsa zomwe anachita pasukulu ina ya ku California: anauza aphunzitsi kuti ana ena atsala pang'ono kutsogola kwambiri, pomwe mayinawo anangowatola mwachisawawa. Pakutha pa chaka ana aja, makamaka a makalasi oyambirira, anakweradi kuposa anzawo. Akatswiri akhala akutsutsana za kukula kwa zotsatirazo, ndipo ofufuza apambuyo anapeza kuti mphamvu yake ndi yocheperapo, koma kuti chiyembekezo cha mphunzitsi chimakhudza mwana sizikukanidwa.

Pemphani mnzanu akhale kumbuyo ndi pepala la momwe ana akhalira, azichonga aliyense yemwe mwamufunsa, mwamuyamikira kapena mwamudzudzula. Pepalalo lidzakuuzani zomwe mtima sungakuuzeni. Onaninso nthawi yomwe mumadikira mukafunsa funso. Mary Budd Rowe anapeza m'zaka za m'ma 1970 kuti aphunzitsi ambiri amadikira pafupifupi sekondi imodzi yokha, ndipo akadikira masekondi atatu kapena kuposerapo, mayankho amatalika ndipo ana omwe sankayankha amayamba kuyankha. Womasulira funso m'mutu mwake, wachibwibwi ndi wamanyazi onse ali m'masekondi awiri amenewo.

Mwana wanyoza mnzake chifukwa cha mtundu, chipembedzo kapena ulumali. Ndiime kapena ndipitirize phunziro?

Imani. Mukapitiriza, kalasi yonse yamva kuti n'zololedwa. Nenani mwachidule kuti mawu amenewo pano ayi, pitirizani, kenako mulankhule ndi aliyense payekha. Musamuimike wonyozedwayo kutsogolo kuti afotokoze za mtundu wake kapena za thupi lake. Iye si chitsanzo chophunzitsira. Wonyozayo nthawi zambiri akubwereza zomwe anamva kwa akuluakulu, choncho akufunika kuphunzitsidwa kuposa kuchititsidwa manyazi. Zikamabwerezeka, lembani ndipo mudziwitse mphunzitsi wamkulu.

Ku pulakitisi, mphunzitsi wondiyang'anira akuti zonsezi n'zakukoleji, kuno sizigwira. Nditani?

Kalasiyo ndi yake, ndipo malikisi anu ali m'manja mwake. Musafike ngati wodzakonza anthu. Iye amadziwa za ana amenewo zambiri zomwe inu simukuzidziwa, ndipo mwina anayesapo zomwe mukunenazo popanda womuthandiza mpaka anatopa. Mufunseni mafunso enieni: "Aphunzitsi, mwana uja wakhala pakona uja amatha chiyani? Mungandilole ndimusunthire kutsogolo sabata ino tione?" Pemphani chinthu chimodzi chaching'ono, chioneke chokha.

Malire ake alipo. Mukaona mwana akumenyedwa, akuchitidwa zachipongwe kapena akuopsezedwa, imeneyo si nkhani ya kasiyanidwe ka kaphunzitsidwe. Nenani kwa mphunzitsi wamkulu ndi kwa okuyang'anirani a ku koleji tsiku lomwelo.

Ndikukayika kuti mwana wina ali ndi vuto la kuphunzira. Ndimuuze kholo kuti ali ndi matenda akuti?

Ayi. Kutchula dzina la vuto ndi ntchito ya omwe anaphunzira kuyeza, ndipo dzina lolakwika limamumata mwana zaka zambiri. Ntchito yanu ndi kuona ndi kulemba zomwe mwaona ndi maso: amasokoneza zilembo ziti, amatopa nthawi yanji, amatha chiyani akauzidwa pakamwa chomwe amalephera akapatsidwa cholembedwa. Yambani ndi zapafupi, chifukwa zimaphonyedwa kawirikawiri: maso, makutu, njala, tulo, kujomba, chiyankhulo, zovuta za kunyumba.

Pokumana ndi kholo yambani ndi zomwe mwanayo amachita bwino, kenako mufotokoze zomwe mwaona, n'kufunsa ngati kunyumba amaonanso zomwezo. Makolo ena amabisa chifukwa choopa kuti mwana achotsedwa sukulu, choncho atsimikizireni msanga kuti si cholinga chanu. Mukagwirizana, tumizani nkhaniyo kwa mphunzitsi wa maphunziro apadera kapena kuchipatala kudzera mwa mphunzitsi wamkulu, ndipo isakhale nkhani yochezera mu ofesi ya aphunzitsi. Kuyezedwa kumatha kutenga miyezi, choncho musadikire kalata kuti muyambe kumuthandiza: zomwe zili pa funso la kalasi yaikulu mungaziyambe mawa, n'kumalemba zomwe zathandiza kuti mudzapatse mphunzitsi wake wa chaka chamawa.